Pikapu ikulira pansi: dziwani cholira musanatsitse difu

Phokoso la pansi pa pikapu limanamiza khutu, chifukwa silimveka pamene likuchokera. Giyabokosi, propu shafti (chitsulo chachitali chotengera mphamvu ya injini kumbuyo), difu (bokosi la magiya lomwe lili pakati pa magudumu akumbuyo) ndi masipuling'i zonse zagwira chasisi imodzi, ndiye kulira kwa beyaringi ya gudumu lakumbuyo kumayenda m'chitsulomo n'kudzatulukira pansi pa mpando wa dalaivala. N'chifukwa chake mwini galimoto akafika pa galaja amangoti "difu yatha", amakaniko nawo n'kuvomera msanga, poti kutsitsa difu ndi ntchito ya ndalama. Difu ina igulidwa ku Biwi kapena ku Ndirande, imangidwa, galimoto ituluka. Ikangofika pa 60 km/h, kulira kuja kuli pomwepo.

Chomwe chingakupulumutseni ndi chakuti phokoso lililonse lili ndi chimene limatsatira. Lina limatsatira injini, lina liwiro la galimoto, lina phazi lanu pa mafuta, lina chiwongolero. Mukadziwa chimene likutsatira, zitsulo zokayikitsa zimatsala ziwiri kapena zitatu, sipanala musanaigwire n'komwe. Zomwe ndikufotokozazi n'zofanana pa Hilux, Hardbody, Isuzu KB ndi D-Max, Ranger, BT-50 ndi L200, poti zonsezi injini ili kutsogolo ndipo mphamvu imapita kumbuyo kudzera mu shafti.

Yambani ndi ulendo, osati sipanala

Tsitsani katundu yense. Jeke yongoponyedwa kuseri kwa mpando, mabawuti otsala m'bodi, tayala la sipeya lomwe tcheni yake yakhwepa pansi pa bodi, zonsezi zimagogoda mofanana ndi chitsulo chakutha. Zimitsani wailesi, pezani msewu wa tala wosalala, wopanda chitunda, nthawi yomwe galimoto n'zochepa. Ngati amakaniko anu angakwere nanu, ndi bwino koposa. Akakana kukwera koma akufuna kuyamba kumasula, akayikireni.

Thamangani mpaka phokoso limveke bwino, muone liwiro lake. Tinene kuti ndi 70. Sinthani giya koma liwiro likhale lomwelo, kuchoka pa 5 kupita pa 4. Injini ikwera mawu. Ngati phokosolo lakwera nayo limodzi, gwero lake lili kutsogolo: injini, ekizozi kapena mbali ya giyabokosi. Likakhala momwe linalili, ndiye likutsatira liwiro la galimoto, ndipo muyang'ane kuyambira kumbuyo kwa giyabokosi mpaka ku matayala.

Kenako sewerani ndi phazi. Pondani mafuta, sirani, pondaninso. Mverani ngati kulirako kukubwera mukaponda, kapena mukasiya, kapena pakatikati pomwe galimoto sikukoka komanso sikudzigwira. Mukatero pondani kilatchi kapena ikani nyutulo kwa kanthawi, injini ili chilirire, galimoto izingoyenda yokha. Mano a difu amalira akamanyamula mphamvu, ndiye mukawapumitsa chotere amachepetsa mawu kapena kukhala chete. Beyaringi ya gudumu ndi tayala sizisamala za phazi lanu, zimalira basi malinga gudumu likuzungulira. Izi muchitire pamalo athyathyathya okha. Pa mtsetse ngati wa Chiweta kapena wotsikira ku Golomoti galimoto siichotsedwa m'giya.

Chomaliza, msewu ukakhala wopanda kanthu, pa liwiro la 50 kapena 60 gwedezani chiwongolero pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja, kuti kulemera kuzisamuka mbali. Lembani zomwe mwamva. Mawu akuti "ikulira pa 70 mpaka 90, ndikasiya mafuta pokha" amachepetsa ntchito ya makaniko kuposa kungoti "ikulira pansi".

Gu! ponyamuka ndi posintha giya

Ili ndiye lofala. Mukamasiya kilatchi, kapena mukachoka pa giya yoyamba kupita pa rivesi, pansi pamveka gu! kamodzi. Pena limamvekanso mukasiya mafuta n'kupondanso mwadzidzidzi. Tanthauzo lake n'lakuti penapake pali mpata, chitsulo chikuyamba chayenda chisanagwire chinzake. Woyamba kumukayikira ndi kolosi, kachitsulo ka mtanda kolumikiza shafti kumapeto kwake. Kali ndi timakapu tinayi, ndipo m'kapu iliyonse muli tinsingano tachitsulo tomwe moyo wake ndi girizi.

Kuti muyese, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, tchingani magudumu ndi miyala kapena matabwa kutsogolo ndi kumbuyo, zimitsani injini, ikani nyutulo, masulani handibuleki. Shafti iyenera kukhala yomasuka, chifukwa galimoto ikakhala m'giya kolosi imakanikizika ndipo yakutha imaoneka ngati yabwino. Ambiri amanamizika pomwepa. Lowani pansi, gwirani shafti dzanja limodzi, dzanja lina ligwire mbali inayo ya kolosi, potozani mosemphanitsa, kenako kankhani mmwamba ndi pansi. Kolosi yabwino siisewera ngakhale pang'ono. Onaninso m'mphepete mwa timakapu. Mukapeza kaufa kofiira ka dzimbiri kakutuluka pa rabala, tinsingano tauma ndipo tayamba kudyana. Kolosi youma imathanso kuumirira osasewera, n'kumalira kwi kwi kwi galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, makamaka pobwerera m'mbuyo. Yotereyi imadziwika bwino shafti ikatsitsidwa: mukaipinda ndi dzanja imakakamira malo ena.

Kolosi zikapezeka zabwino, gwirani mabawuti anayi a pa fulanje, pomwe shafti yakumana ndi difu. Amamasuka, makamaka ngati wina anatsitsapo shafti posachedwa. Kenako onani pomwe shafti imalowana yokha, paja pali mano ataliatali oti izitalika ndi kufupika masipuling'i akamagwira ntchito. Pamenepa pakauma, galimoto imachita gu! mutangoima kumene kapena mukangonyamuka, ngati wina wakugundani pang'ono kumbuyo. Pa ma Hilux ambiri pali nipo ya girizi pomwepo, ndipo kupopera pang'ono kumathetsa nkhani. Musadzazitse mpaka shafti kuyamba kutalika.

Pali zinanso zochita gu! zomwe sizili mu shafti. Mautingi a giyabokosi kapena a injini akang'ambika, ndodo ya giya imadumpha mukamanyamuka. Ma U-bawuti ogwira akisi (chitsulo chopingasa chonyamula magudumu akumbuyo) ku masipuling'i akakhwepa, akisi yonse imapendama pokoka, ndipo mudzaona chitsulo chonyezimira pomwe pakukhudzana. Mabushi a masipuling'i akatha amagogoda m'mabampu komanso ponyamuka. Pikapu yomwe imanyamula matumba a chimanga 30 a makilogalamu 50 pomwe inapangidwira tani imodzi, yomwe ndi matumba 20 okha, izi siziichedwa.

Mpata wa mkati mwa difu muuyese pomaliza. Kokani handibuleki, nyutulo ili pomwepo, potozani fulanje uku ndi uku. Kusewera pang'ono kulipo pa difu iliyonse, poti mano amafuna mpata wa oyilo, ndiye musalole munthu akugulitseni difu chifukwa choti "onani ikugwedera". Choopsa ndi fulanje yomwe ikusewera mmwamba ndi pansi, kapena kulowa ndi kutuluka. Pamenepo mabeyaringi a piniyoni, kagiya komwe shafti imazunguza mkati mwa difu, akhwepa.

Kunjenjemera

Apa thandizo lili pa kusiyana kwa liwiro. Pa 100 km/h tayala la pikapu limazungulira pafupifupi ka 700 pa mphindi imodzi, pomwe shafti imazungulira kuwirikiza pafupifupi kanayi, kupitirira ka 2,500. Choncho tayala lopanda balansi kapena lotupa limagwedeza mwapang'onopang'ono, moti mungathe kuona chiwongolero kapena mpando ukuvina. Shafti imanjenjemeretsa mwachangu, njenjenje pansi pa mapazi, kalilole wapakati n'kuchita chimbuuzi, pena ndi mdidi wolowa m'makutu.

Mukakayikira shafti, iyang'aneni yonse mozungulira. Kodi yaphwanyika penapake ndi mwala kapena chitsa? Kodi kachitsulo ka balansi kowotcherera pathupi pake kanagwa? Pamatsala chizindikiro choyera pomwe kanali. Dothi louma lomatirira mbali imodzi, waya, chingwe kapena thumba lokulungika pa shafti, zonsezi n'zokwanira kunjenjemeretsa galimoto.

Ma pikapu aatali shafti yawo imakhala ya zigawo ziwiri, pakati pali senta beyaringi yogwiridwa ndi rabala. Rabalayo ikaphwasuka, galimoto imanthunthumira ponyamuka, makamaka italemedwa, pa liwiro la 10 mpaka 30, kenako n'kusiya. Kankhani shafti pafupi ndi pamenepo: kusuntha pang'ono n'kwabwino, koma ikamagunda chitsulo chozungulira kapena rabala ikuoneka yong'ambika, yatha. Beyaringi yakeyo ikauma imang'ung'udza pansi pa mipando, phazi muponde musaponde. Omwe anakweza galimoto poonjezera masipuling'i kapena timabuloko adziwenso kuti anasintha kapendekedwe ka shafti, ndipo kunthunthumira konyamukira kumachokera pamenepo ngakhale zitsulo zonse zili zatsopano.

Ngati kunjenjemera kwayamba galimoto itangochoka ku galaja, funsani funso limodzi: shafti isanamasulidwe, inaikidwa chizindikiro? Zigawo za shafti zinachitidwa balansi zili pamodzi ku fakitale, ndipo mafoloko a kolosi ayenera kubwerera momwe analili. Kuphonya dzino limodzi lokha pa mano olowana aja kumabweretsa kunjenjemera komwe simungakuthetse ndi balansi ya matayala. Choko kapena penti pang'ono musanamasule, basi.

Wuuu wa difu

Difu yeniyeni imalira mawu opyapyala, wuuu kapena wiii, okwera ndi liwiro, ndipo amasintha ndi phazi. Ikalira mukaponda mafuta n'kukhala chete mukasiya, kawirikawiri mano a kirawuni (giya yaikulu yomwe piniyoni imazunguza) ndi piniyoni adyeka kapena sakukumana bwino. Ikalira mukasiya mafuta, makamaka potsetsereka galimoto ili m'giya, kayikirani mabeyaringi a piniyoni kuti akhwepa. Ikamachita kho, kho, kho motsatira kuzungulira kwa gudumu, pali dzino lobenthuka. Ikamalira pokhota pokha, ndi timagiya ting'onoting'ono ta mkati tomwe timalola gudumu lina kuthamanga kuposa linzake.

Musanatsitse kanthu, oyilo akuuzani zambiri. Yambani kumasula chotsekera chothirira, chapamwambacho, kenako chokhetsera. Mukayamba ndi chapansi n'kupeza kuti chapamwamba chakana kumasuka, mwatsala ndi difu youma ndi galimoto yosayenda. Pisani chala pabowo: oyilo ayenera kufika m'mphepete mwake. Akakhala patali, funani pomwe akuthawira, pa silo ya piniyoni kapena kumapeto kwa akisi komwe amanyowetsa kuseri kwa gudumu ndi mabuleki.

Khetserani m'chiwiya choyera, mupite nacho padzuwa. Fungo lonunkha la oyilo wa difu lisakudabwitseni, ndi momwe alili. Chotsekera chapansi chimakhala ndi maginito. Mukapeza phala lakuda losalala, loti mukalitikita pakati pa zala silikulasa, uku n'kudyeka kwa masiku onse. Mukapeza tizidutswa tonyezimira tokanda chala, kapena kachibenthu ka dzino, difu itsike basi. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

Madzi amenewa ndiwo amapha madifu ambiri pakati pa Disembala ndi Malichi. Pamwamba pa akisi pali kachitsulo kopumira, kakang'ono ngati chala, kokhala ndi kachipewa komasuka. Difu yotentha ikamira mumtsinje kapena pachithaphwi chakuya imazizira mwadzidzidzi, mpweya wamkati n'kuchepa, ndiye imayamwa madzi kudzera popumirapo kapena pa masilo. Kachitsuloko kakatsekeka ndi matope, vuto limatembenuka: mpweya wotentha umasowa potulukira n'kukankha oyilo pa masilo, moti musintha silo kawiri katatu ikudonthabe. Kazungulitseni ndi chala. Kakakana, kamasuleni mukatsuke. Amene mumawoloka madzi kawirikawiri, lumikizani kapaipi kuchokera pamenepo kukafika mmwamba pansi pa bodi.

Oyilo wa difu akhale wa GL-5, nthawi zambiri 80W-90 kapena 85W-90, malinga ndi buku la galimoto yanu. Oyilo wa injini kapena wa GL-4 sapirira kukhuzana kwa mano a difu. Ngati difu yanu ndi ya LSD, yomwe imachepetsa kuzungulira kwa gudumu limodzi lokha poterera, imafuna oyilo wolembedwa LS. Mukathira wamba imadzachita gudugudu pokhota pang'onopang'ono, ngati potuluka pa filing'i siteshoni, ndipo ambiri amaiyesa yakutha pomwe ikungofuna oyilo wake. Zothira utuchi kapena girizi m'difu kuti ikhale chete ndi machenjerero a ogulitsa galimoto, ndipo ogula pikapu yakale ayenera kutsegula chotsekera chija asanapereke ndalama.

Difu yolira pang'ono, oyilo wake ali woyera ndipo piniyoni siikugwedera, imatha kuyenda nthawi yaitali. Mano akangodyeka molakwika sabwereranso kukhala chete, koma kulira kokhako sikuti igwa mawa. Muzingoimvera ngati mawu akukula.

Beyaringi ya gudumu ndi matayala

Izi ziwiri ndizo zimapalamulira difu milandu. Beyaringi ya gudumu imalira mawu okhuthala, gurrr, oyamba cha pa 40 n'kumakula ndi liwiro, osalabadira phazi kapena giya. Poyesa chiwongolero paja, mukakhotera kumanzere kulemera kumapita kumanja, ndiye phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri yakumanja ndiyo yatha. Mukayenda kamtunda osaponda mabuleki kwambiri, yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse. Lotentha kuposa linzake lili ndi nkhani, kaya ndi beyaringi kaya buleki yogwira.

Kwezani gudumulo, ikani sitandi pansi pa akisi kapena chasisi (jeke yokha kapena njerwa si zolowera pansi), lizungulitseni dzanja lina lili pa sipuling'i kapena pa akisi. Beyaringi yakutha imamveka m'dzanja ngati mchenga. Yakumbuyo imatha kulira kwambiri osagwedera konse, ndiye kugwedeza gudumu kokha sikokwanira. Pa Hilux ndi ena otero beyaringi yakumbuyo imakanikizidwa pa shafti ya akisi ndi pulesi, pamodzi ndi kolala yoigwira. Kolalayo ndi silo zikhale zatsopano, ndipo yokhomera ndi hamala siikhalitsa.

Matayala a mapanga akuluakulu oyendera m'matope amalira pa tala mwachibadwa, ndipo akadyeka mosiyanasiyana amafanana kwambiri ndi beyaringi. Sisitani chikhatho pamwamba pa tayala. Mukamva mano ngati a sowo kapena malo okwera ndi otsika, sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo muyendenso. Phokoso likasamuka, mwapeza. Tayala limasinthanso mawu mukachoka pa tala wosalala kulowa pa wokhakhala, pomwe beyaringi siisintha. Manati a gudumu okhwepa nawo amagogoda, ndipo kuwayesa n'kwaulere.

Za 4x4

Ma pikapu ambiri a 4x4 alibe difu yapakati. Mukayenda pa tala muli mu 4H kapena 4L (magudumu onse anayi akukoka), magudumu akutsogolo ndi akumbuyo amakokana, chiwongolero chimalemera, pokhota galimoto imadumphadumpha, matayala n'kumalira, kenako pamveka gu! wamkulu kapena ndodo ikana kutuluka. Apa palibe chowonongeka, koma mukapitiriza chidzawonongeka. Bwererani m'mbuyo molunjika mamita angapo, kapena ikani magudumu a mbali imodzi pa dothi, itulukamo. Matayala osiyana saizi kapena osiyana kwambiri kadyekedwe amakulitsa kukokanaku ngakhale pa msewu wafumbi. Onaninso ngati difu loko, yokakamiza magudumu awiri kuzungulira mofanana, sinasiyidwe yoyaka.

Tha tha tha wakutsogolo pokhota chiwongolero chonse ndi CV, cholumikizira chopindika cha pa shafti yopita ku gudumu lakutsogolo, ndipo mukasuzumira mupeza rabala yake yang'ambika, girizi atamwazikira kuseri kwa gudumu. Koma dziwani mtundu wa galimoto yanu. Pa yomwe ili ndi mahabu otembenuza ndi dzanja, akakhala pa FREE mashafti akutsogolo sazungulira, ndiye phokoso lomveka mu 2H (magudumu akumbuyo okha akukoka) silingakhale lawo. Pa zatsopano zambiri zopanda mahabu otere, CV imazungulira nthawi zonse. Habu imodzi ikaiwalika pa LOCK inzake ili pa FREE, kutsogolo kumabweranso phokoso losadziwika bwino.

Pali njira ina yabwino yomwe 4x4 imakupatsani. Ngati kumbuyo kwa tiransifa (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) kuli fulanje ya mabawuti, ikani zizindikiro, tsitsani shafti yakumbuyo, lowetsani 4H, yendani pang'ono ndi magudumu akutsogolo okha. Kunjenjemera kukatha, kunali mu shafti. Kulira kwa mano a difu kumasinthanso, poti sakukoka. Pa tiransifa yomwe shafti imangosomekedwa musayese, oyilo atayika.

Giyabokosi imadziulula mosavuta. Pa ya magiya asanu, giya 4 imadutsitsa mphamvu molunjika, ndiye kulira komwe kuli m'magiya ena onse koma n'kutha pa 4 ndi mabeyaringi a mkati mwake. Phokoso la pa nyutulo lomwe limatha mukaponda kilatchi lilinso m'giyabokosi, ngakhale pa dizilo kugwedera pang'ono kotere kumakhalapo. Lobwera mukaponda kilatchi ndi thirasiti beyaringi, yomwe imakankha kilatchi.

Likamabwerera mutakonza kale

Kolosi yatsopano ikatha miyezi ingapo, onani zitatu. Ngati ili ndi nipo, ndani akupopera girizi? Malo ambiri osinthira oyilo salowa pansi ndi mpope wa girizi pokhapokha mutawauza, ndipo popopera girizi watsopano ayenera kutulukira pa timakapu tonse tinayi. Mukawoloka madzi akuya, poperaninso. Chachiwiri ndi kamangidwe: kansingano kamodzi kakagwa m'kapu pokhoma, kapena foloko ikapindika ndi hamala, kolosi imayamba kufa tsiku lomwelo. Chachitatu ndi mtengo. Ya mtengo wotsikitsitsa pa shelefu mudzaigula kawiri, kuphatikizapo ndalama ya amakaniko.

Difu yomwe yayamba kulira itangosinthidwa silo ya piniyoni, mlandu uli pa nati. Nati imeneyo ndiyo imasunga kathinidwe ka mabeyaringi, ndipo madifu ambiri ali ndi kachitsulo kofinyika mkati komwe kakafinyidwa mopitirira sikabwerera. Kuimanga ndi chipaipi chachitali mpaka "ithine bwino" kumawotcha mabeyaringi, kuisiya yokhwepa kumaliritsa mano. Chimodzimodzi difu yomangidwanso: kirawuni ndi piniyoni zimasinthidwa pamodzi, sizisakanizidwa za madifu awiri, ndipo mpata wa mano umayezedwa ndi geji. Pa difu yakumbuyo ya ma Hilux akale mpatawo ndi 0.13 mpaka 0.18 mm, womwe palibe dzanja lingauyeze. Funsani amakaniko ngati ali ndi geji ndi utoto wopaka pa mano woonera pomwe akukumana. Akati amangomva ndi dzanja, kuli bwino mugule difu yathunthu yakale yomwe sinatsegulidwepo. Pa 4x4 muwerenge mano kuti reshiyo yake ifanane ndi ya kutsogolo, apo ayi mukadzangolowetsa 4H magudumu adzayamba kukokana.

Pa zonsezi pali zoti mungayende nazo mpaka kumapeto kwa mwezi, ndi zoti muimire pomwepo. Kolosi yogwedera yomwe yayamba kunjenjemeretsa galimoto siyoyenda nayo ulendo wa Lilongwe mpaka Mzuzu. Ikaduka kolosi ya kutsogolo kwa shafti, shafti imagwa n'kuzika pansi galimoto ikuthamanga, kapena kumenya thanki ndi mapaipi a mabuleki. Beyaringi ya gudumu yomwe yayamba kutentha ndi kununkha, difu yogogoda, ndi oyilo wotsikira pa mabuleki akumbuyo, izinso ndi zoimika galimoto. Ngati ndi 4x4 ya fulanje ija ndipo kolosi yakumbuyo yakutherani kutali ndi tauni, tsitsani shaftiyo, iponyeni m'bodi, mufike ku galaja mu 4H pang'onopang'ono, katundu wolemera mutamusiya kaye.